Mapazi Khumi a Bambo

Chibayish,
Lachitatu, mwezi wa Novembala.

Mlongo wanga Badriya,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa iwe ndi pa nyumba yako. Uli bwanji kuchisanu kwanuko? Alamu anga msana uja unasiya kuwavuta? Nanga Nashmiya wathu, amene unamutcha dzina la mayi, sukulu ikuyenda? Umuuze kuti amalume ake akamuimbira aziyankha m'chinenero chathu, osati cha ku Sweden ngati akuyankha wapolisi.

Kuno tilipo, tikuyamika Mulungu. Make Karrar ali bwino, ndipo pakamwa pake sipakalamba. Madzi aphwera kwambiri chaka chino ndipo ali ndi mchere, moti njati zikumwa monyinyirika. Bambo akudya pang'ono. Akayenda kuchoka pamphasa kufika pakhomo amayamba kupuma ngati akwera phiri.

Usadabwe kuti ndakulembera pamanja, foni ili m'thumba. Katatu konse sabata ino ndakuimbira kuti ndinene zimene zili kukhosi, ndipo katatu konse ndathera kukuuza za njati. Make Karrar wanena kuti ngati sindilemba lero andithamangitsa, chifukwa ndikumuthera mphasa ndi kuyendayenda m'nyumba.

Ndipo n'zoona, sindikutha kukhala pansi. Paliponse ndikungowerenga mapazi. Kupita kukhola ndiwerenge, kupita kubwato ndiwerenge, ndikafika pa khumi ndimaima ngati chitsiru. Khala pansi iweyo m'malo mwanga, uwerenge mpaka kumapeto, kenako undikalipire.

Chaka chimene mayi anamwalira ukuchikumbukira kuposa ine. Ndi chaka chija asilikali ankaumitsa dambo, misewu yopita ku Najaf atatseka. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo unalipo. Ine ndinali kubisala m'mabango kuthawa usilikali, ndipo uthenga unandipeza patatha mwezi.

Munawatengera pa Chulu cha Mapale atakulungidwa mumphasa. Bambo sanawaike, anawaikiza. Unandiuza wekha mawu awo, uli mwana, osaphonya ngakhale limodzi: "Nthaka iwe, uyu si wako. Tikukuikiza. Tidzabwera kudzamutenga." Munthu wathu amagona ku Najaf pafupi ndi Imamu Ali, kwinaku amangodikira. Tonse tinkati adikira chaka chimodzi.

Anadikira zaka khumi ndi chimodzi. Iwe unawoloka malire ndi azakhali, ine ndi bambo tinakathera kumphepete kwa tauni kunyamula njerwa za eni. Misewu itatseguka, bambo anali gone ndi matenda a m'mimba, tonse tikuti ndi ulendo. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti sangakaonekere kwa Mulungu ali ndi choikiza chosatenga. Anati ndipite mawa lomwelo.

Malangizo awo anali achidule. Pachulupo pali mwala umodzi wokha, uja wa chiboo pakati. Anati ndiime pamwalapo, ndiyang'ane kolowera dzuwa, ndiyende mapazi khumi, ndikumbe.

Badriya, ukuwadziwa bambo. Ndi munthu wamfupi, ndipo chiwagwazireni nguluwe ali mnyamata amakoka mwendo wamanzere. Ukundidziwanso ine, amene mudzi wonse umanditcha Kakowa chifukwa cha miyendo. Palibe amene anaganizako zimenezi, iwo kapena ine. Ndinayenda mapazi khumi anga.

Ndinapita ndi dalaivala wa takisi, bokosi titamanga padenga. Pachulu tinapeza anthu a mfuti akukumba maenje kufuna zakale zoti akagulitse. Anatilola titalumbira kuti tadzera maliro, koma ankatiyang'anitsitsa. Dalaivala sanazimitse galimoto. Ankangoti fulumira, ine ndili ndi ana.

Ndinakumba mpaka m'chiuno n'kupeza munthu. Mphasa inali itasanduka fumbi, koma mizere ya bango inkaoneka bwinobwino padothi. Ndinagwada n'kulira, ndikuitana mayi. Nditapukuta misozi m'pamene ndinayamba kuona zinthu.

Munthuyo anagona atapinda mawondo ngati wozizidwa. Nkhope siinaloze ku Makka. Mafupa anali ofiirira ndipo ankafumbutuka ngati buledi wouma. Pafupi ndi pakamwa panali kambale kadothi, ndipo pakhosi panali mkanda umodzi wabuluu.

Sindikunamizanso. Mtima unandiuza pomwepo kuti awa si mayi. Koma ndinayamba kudziyankha ndekha. Ndinati mawondo anapindidwa chifukwa dzenje linali lalifupi, mafupa wawadya ndi mchere, kambale anaika ndi amayi a m'mudzi pa zifukwa zawo. Dalaivala ankaliza hutala, bambo anali kufa, ndipo ine ndinali mwana wamwamuna amene sanaike mayi ake. Sindikanatha kubwerera chimanjamanja.

Kambale kaja ndi kamene kankanditsutsa. Ndinakaponda ndi chidendene mpaka kanaphwanyika, n'kukankhira dothi pamwamba. Mkanda ndinaika m'thumba. Mafupa ndinawola n'kukulunga m'nsalu yoyera.

Ku Najaf palibe amene anafunsa. Chaka chimenecho dziko lonse linkabwera ndi mafupa a abale ofukulidwa m'maenje, ndipo okumba manda anali otopa. Tinawazungulitsa pamanda a Imamu, tinawaswalira, tinawaika m'manda aakulu aja a Chigwa cha Mtendere. Pamwala tinalemba dzina la mayi. Bambo atamva anadzuka, patatha sabata anali akudya nsomba.

Tsopano ndafika pa iwe. Tsiku limene ndinakuimbira kukuuza kuti mayi afika kwawo, unandifunsa funso limodzi. Unati, chingwe chabuluu munachipeza? Unanena kuti bambo anamanga mphasa ndi chingwe cha bwato lawo, ndipo iwe unagwira nsonga yake iwo akumanga mfundo. Ine ndinayankha kuti ndinachipeza koma chinali chitaola. Unangoti zikomo achimwene.

Chingwe cha nayiloni sichiola, mlongo wanga. Panalibe chingwe.

Ndipo pofuna kutseka pakamwa pako ndinakutumizira mkanda uja, n'kunena kuti unali pakhosi pa mayi. Unati sukuwakumbukira ndi mkanda wotere. Ndinati ankaubisa m'kati mwa malaya. Kuyambira pamenepo sindinaone chithunzi chako chopanda mkandawo. Unandiuza kuti unauluma pobereka Nashmiya, ndipo ine ndinati Mulungu ndi wamkulu, manyazi akundidya.

Zaka makumi awiri tsopano tikupita ku Najaf chaka ndi chaka. Timatsuka mwala, timawaza madzi a maluwa, timafukiza lubani. Bambo amatithamangitsa kuti tikagule tiyi, iwo n'kutsala akulankhula ndi manda mpaka dzuwa kupendeka. Anasungitsa malo pambali pake, ndipo sabata iliyonse amandilumbiritsa kuti sindidzawaika kwina. Ine ndinazolowera kusaganiza. Zimatheka, ukamagwira ntchito zolemetsa.

Mwezi wathawu kunabwera anthu a boma ofukula zakale, ndipo anamanga matenti pa Chulu cha Mapale. Amawatsogolera ndi mayi wa ku Baghdad, a Dokotala Intisar. Si dokotala wa jekeseni, ndi wa mapale. Ankafuna aganyu makumi awiri, ndipo ine ndinali woyamba pamzere. Make Karrar ankayesa ndikufuna ganyu. Ine ndinkafuna kukhala pafupi, ngati munthu amene wamva kuti kunyumba kwake kukubwera ofufuza.

Pa nthawi ya tiyi a Dokotala amatiuza zinthu. Akuti chulu chathu chija, pamene tinkamangirira njati madzi akasefukira, unali mzinda wa misewu ndi madoko ndi kachisi wa mwezi. Akuti unali kale wakalekale pamene Mneneri Ibrahim ankabadwa ku Uri, kuseri kwa Nasiriya. Mwala wa chiboo uja unali pozungulira chitseko cha munthu. Akutinso kulemba kunayambira kwathu kuno, ndi bango losongola padongo lonyowa. Ndiye usaseke kalembedwe kanga, ndi ntchito ya makolo.

Ine nkhanizi zinkandidutsa. Maso anga anali pa zingwe zawo zoyezera, zimene tsiku lililonse zinkasendera kufupi ndi mwala.

Lachinayi la sabata yatha anandipatsa ndime yangayanga, kolowera dzuwa kwa mwalawo. Ndinkapala ndi kakhasu, kenako ndi burashi monga anatiphunzitsira. Dzuwa lisanatenthe burashi inakola kanthu. Ndinapemerera fumbi, n'kuona mfundo yabuluu.

Mfundo ya bambo ndimaidziwa ngati nkhope yawo. Amazunguliza kawiri n'kubweza nsonga pansi, ndipo palibe wina m'dambo lonse amene amamanga choncho. Ndinafuna kukwirira, ndikuuze zoona. Dzanja linali litayamba kale kukoka dothi. Koma waganyu mnzanga, Shnawa wapakamwa uja, anali ataona, ndipo anakuwa kuti Kakowa wapeza chuma.

A Dokotala anabwera, anagwada, anakhudza chingwe n'kuseka. Anati anthu a mzinda uno anayambitsa kulemba, anayambitsa malamulo, koma nayiloni ayi. Anati awa ndi manda a posachedwa, a Msilamu, ndipo tiwakwirire mwaulemu. Apo n'kuti mphasa itang'ambika pang'ono m'mbali, mkono wamanzere ukuonekera. Fupa la pamkono linali lokhota, pamene njati ija inawaponda mayi iwe uli kumsana.

Ndinakhala pansi. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Awa ndi mayi anga."

"Bambo a Karrar," anatero a Dokotala, "si paja munatiuza kuti mayi anu ali ku Najaf?"

"Ku Najaf ndinapititsa wina."

Anavula mpango wawo wakumapewa n'kuphimba mkono wa mayi. Kenako anauza aganyu onse kuti akamwe tiyi kumatenti. Titatsala awiri ndinawauza zonse, mpaka za kambale ndi mkanda.

Anandiuza kuti ndiime pamwala ndiyende mapazi khumi. Ndinayenda, n'kukaima m'kadzenje kakale kodzala mchenga. Anatsegula buku lawo n'kundionetsa kuti dzenjelo analilemba kale kuti ndi la akuba. Ndinati sanalakwitse, wakubayo ndine. Kenako iwo anaima pamwala, anafunsa kuti bambo amakoka mwendo uti, n'kuyenda motsimphina. Pa khumi anaima pamutu pa mayi.

Pakati pa maenje awiriwa pali mikono isanu ndi umodzi, Badriya. Ndayeza ndi kuyezanso, ngati kuti tsiku lina ichepa.

M'dzenje langa lija anasefa mchenga n'kupeza zidutswa za kambale. Anazilumikiza pachikhatho. Anati mbale zotere zinkaumbidwa zaka zikwi zinayi ndi mazana angapo zapitazo, ndipo ankaziika pakamwa pa womwalira kuti asamve ludzu panjira. Za mkanda uja anati zikusonyeza kuti munthuyo ayenera kuti anali mkazi. Anati anthu amenewo ankakulunga akufa awo mumphasa za bango, zolukidwa ngati zathuzi, n'chifukwa chake ndinasokonezeka. Anafuna kundipepuza mtima, koma ine ndinkadziwa chimene chidendene changa chinachita.

Nkhani siigona m'dambo. Pofika madzulo Shnawa anali atauza aliyense kuti Kakowa anapititsa agogo ake a Ibrahim ku Najaf pa takisi. Ena akuseka, ena akuti ndadetsa manda a Asilamu ndi wopembedza mwezi, afukulidwe atayidwe. A Dokotala nawo, ngakhale ndi munthu wachifundo, anandifunsa mwakachetechete ngati mafupawo angabwezedwe kuti awayeze.

Ndinapalasa bwato kupita kwa shehe wathu, a Sayidi Hatif, aja anamangitsa ukwati wanga. Akalamba, koma nzeru zikadali zakuthwa. Anamvetsera akutakasa tiyi, ndipo nditamaliza anafunsa ngati mayi wakaleyo anayenda yekha kupita ku Najaf kapena ndinachita kumunyamula. Ndinati ndinamunyamula. Anati ndiye mlandu wake uli pati?

Ndinati koma ankapembedza mwezi. Anandikumbutsa kuti Ibrahim mwiniwakeyo anayang'ana mwezi n'kunena kuti uyu ndiye Mbuye wanga, mpaka pamene anauona ukulowa. Anati mayiyu anamwalira uthenga usanamufike, ndipo Mulungu salanga munthu amene sanamutumizire mthenga. Anawonjeza kuti akuluakulu amati chigwa cha ku Najaf anachigula ndi Ibrahim yemweyo, ndipo m'menemo muli Adam ndi Nuhu. Munda wa mnansi wake, anatero, ndiwe yani kuti umutulutsemo?

Ndinayamba kupuma bwino, koma anali asanamalize. Anati za mlendoyo akafunsa kwa akulu awo, sizothamangira. Zothamangira ndi za mayi, amene adikira zaka makumi atatu ndi chimodzi pa lonjezo la chaka chimodzi. Ndinapempha kuti tiwasamutse mwakachetechete bambo osadziwa, poti mtima wawo ndi wofooka. Anaika kapu pansi n'kunena kuti ndinawanamiza kale kamodzi pofuna kuwapulumutsa, ndipo taona kumene zatifikitsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero, pita ukawauze.

Ndinazengereza masiku anayi. Ndinkalowa m'chipinda chawo n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, mpaka anafunsa make Karrar ngati ndatsegula m'mimba. Dzulo m'mawa ndinawatengera buledi wa mpunga ndi zonona za njati, n'kukhala pamapazi awo. Ndinawauza monga ndakuuzira iwemu, osasiya kanthu.

Sanandidule mawu. Anasiya kutafuna, buledi ali m'manja, maso ali pakhoma la bango. Ndinayang'ana pachifuwa pawo kuti ndione ngati akupuma. Kenako anati, "Ndiye chifukwa chake."

Ndinafunsa kuti chifukwa cha chiyani.

"Zaka makumi awiri ndikulankhula pamanda paja, osandidula mawu ngakhale kamodzi. Mayi ako sankandilola kumaliza chiganizo. Ndinkati Najaf yamuphunzitsa ulemu."

Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwacho chinasanduka kulira. Sindinawaonepo bambo akulira chotere, ngakhale tsiku limene tinasiya nyumba yathu ikuyaka. Ankangoitana dzina la mayi, n'kumati ndinakusiya padzuwa, ndinakusiya ndi nkhandwe, ine ndikuwaza maluwa kwina. Ndinagwira mapazi awo ndikupempha kuti andimenye.

Sanandimenye. Atatonthola anati naonso ali ndi mlandu. Anati nditabwera kuchokera ku Najaf anafuna kufunsa za chingwe, koma anaona nkhope yanga n'kuopa yankho. Anati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tadyera mbale imodzi.

Ndinawauza zimene anthu akunena, zoti mlendoyo afukulidwe. Apa m'pamene anakwiya, anachita kudzuka n'kutsamira chigongono. Anati mlendo akagona masiku atatu m'nyumba safunsidwanso dzina, nanga wa zaka makumi awiri? Anati mayi ameneyo wamwa madzi athu a maluwa, wamva zinsinsi zawo zonse, zina zimene ngakhale mayi sanazimve, ndipo sanaulule. Amene akufuna kumukhudza, kaya ndi Shnawa kaya ndi dokotala, ayambe wadzera kwa iwo eni ake, a Lafta.

Ndinafunsa za malo, poti pambali pa manda aja pali malo a munthu mmodzi yekha, amene anadzisungira iwo. Anati m'menemo mulowe mayi. Ndinati nanga inu? Anati ndiwapezere kumapazi kwa awiriwo, ngakhale mopingasa. Kenako anapukuta maso n'kunena kuti, "Koma mayi ako Nashmiya akakapeza kuti ndinali ndi mkazi wina ku Najaf, mundiike mozama."

Ndinkayesa zatha. Ndinati mawa lomwe ndipeza galimoto, ndikawatenge mayi. Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala.

"Iwe ayi," anatero. "Nthaka sinalakwitse, mwana wanga. Unapita kukatenga chimene sunaikize, ndiye inakupatsa china. Tinaikiza ndife. Amene tatsala ndi moyo ndife awiri, ine ndi Badriya. Ine ndinamanga mfundo, iye anagwira nsonga. Muitane."

Ndinati uli kutali, uli ndi ntchito ndi mwana wasukulu. Anati zala zawo sizingamasulenso mfundo, ndipo chingwe chimenecho sichidulidwa ndi mpeni. Anatinso mayi sanasambitsidwe bwino nthawi ija, sanavekedwe sanda yeniyeni, ndipo mkazi amavekedwa ndi mwana wake wamkazi. Kuyambira dzulo akumva galimoto iliyonse yodutsa pamsewu, n'kumafunsa ngati ndiwe.

Ndiye ndi zimenezo, mlongo wanga. Pempho ndi la bambo, koma wogwada ndine.

Nthawi ndi imene ikundisowetsa mtendere. Mayi ali pamtunda tsopano, tangowaphimba ndi mphasa yatsopano ndi mchenga. Anthu a matenti anyamuka pakatha masabata atatu, mlonda wawo apita nawo, ndipo mvula ikagwa chulu chonse chimasanduka phala. Ine ndikupita m'mawa uliwonse kukaona ngati nkhandwe sizinafukule, n'kukhala nawo mpaka dzuwa litapendeka. Ndimawauza za iwe. Bambo nawo, usadalire mawu amphamvu amene amatulutsa pafoni, mapazi awo ayamba kutupa.

Za mkanda ndazisiyira kumapeto chifukwa ndi zimene ndikuziopa kwambiri. A Dokotala akuti mwala wotere sukumbidwa kwathu kuno, unachokera kumapiri akutali pamsana pa abulu, ndipo lamulo likuti ndi wa dziko lonse. Bambo akuti ndi wa mwini wake, tinamubera mlendo, ubwerere pamanda ake. Ine ndilibe pakamwa pa nkhaniyi. Uli pakhosi pako ndipo wautenthetsa ndiwe zaka makumi awiri. Ubwere nawo, udzagamule wekha.

Ndikudziwa chimene ndakulanda. Unachoka kuno wopanda chithunzi cha mayi, wopanda mpango wawo, ndipo chinthu chimodzi chimene unkati n'chawo ndakuuza lero kuti n'cha munthu amene sitimudziwa ngakhale dzina. Madzi akatayika saoleka, sindingakubwezere zaka zimenezo. Ngati sufuna kundilankhula, usandilankhule. Ndidzakudikira pabwalo la ndege ku Basra, ndidzanyamula chikwama, ndipo ukhoza kukhala kumpando wakumbuyo osandiyang'ana mpaka kufika.

Pali chinthu china chimene a Dokotala anationetsa, kaphale kadongo kokwana m'chikhatho, kolembedwa mbali zonse. Anati ndi kalata ya munthu kwa m'bale wake, yomufunsa chifukwa chimene sakubwerera kumudzi. Koma anaipeza m'nyumba ya wolembayo, kusonyeza kuti sanaitumize. Yanga ino siigona m'nyumba. Ndikangosaina ndijambula masamba onse ndi foni n'kukutumizira, make Karrar ataima pamsana panga kuti ndisasinthe maganizo.

Undiperekere moni kwa alamu, uwapemphe m'dzina la bambo kuti akulole msanga. Nashmiya umupsompsone pamphumi. Ngati n'kotheka ubwere naye, adzaone amene anamusiyira dzina. Azakhali ukawaimbira uwauze wekha, ine akhoza kundimeza. Make Karrar akupereka moni, akuti sanda wagula kale koma sanaidule, akudikira iwe. Karrar ndi alongo ake akupsompsona dzanja lako.

Mulungu akusunge, akufupikitsire njira, ndipo afewetse mtima wako pa mchimwene wako wopusa. Chingwe chija chilipo, chabuluu ngati tsiku limene unachigwira, ndipo ndicho cha mayi chenicheni. Palibe amene wachikhudza. Nsonga yako ikukudikira.

Ndine mlongo wako wa miyendo yaitali,
Mizhir mwana wa Lafta